Kodi chikuvuta nchiyani kungowonjezera ana ophunzira udotolo? Ndalama zake zimapita kuti?

Atate_a_Fomu4

Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso lomwe landizunguza mutu sabata yonseyi, ndipo chonde amene akuzidziwa andimasule, za zipani tisiye kaye. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4 ndipo kuyambira ali Sitandade 6 nyimbo yake ndi imodzimodzi, akuti adzakhala dotolo, ndipo kunena zoona mutu ulipo, Bio ndi Chemistry amakhoza moti ine bambo wake ndimachita kudabwa kuti anatengera ndani. Tsono tsiku lina aphunzitsi ake anandikokera pambali nkundiuza kuti bambo musaike mtima onse pa udotolo, malo ndi ochepa, ana okhoza ma points 6, 7, 8 alipo ambirimbiri koma otengedwa ndi owerengeka, ena amathera ku makosi omwe sankawalota nkomwe. Ndiye mwezi wathawu ndinaperekeza mayi anga kuchipatala china cha boma, sinditchula dzina, tinafika 6 koloko mmawa tinachoka dzuwa litapendeka, dotolo weniweni osamuona, akuti alipo mmodzi koma ali ku miting'i.

Apa mpomwe sindikumvetsa. Ana ofuna alipo, odwala ofuna dotolo ndiye osanena, nanga bwanji osangowonjezera mipando mukalasimo? Ngati chaka chino atenga 100 chamawa atenge 500, mphunzitsi ndi yemweyo, bolodi ndi lomwelo. Ine ndinaphunzitsako ku pulayimale ana 120 pansi pa mtengo wa mango ndipo ena lero ndi mabwana amandipitirira pa galimoto. Fizi tikulipira ndife makolo, ndamva kuti inafika 1 miliyoni pachaka, ndiye ana akachuluka si ndiye kuti ndalamanso zichuluka? Ndalama imene amati ikusowayo imathera pati kwenikweni?

Dotolo_Wotopa

Madala funso lanu ndi labwino, nanenso ndisanalowemo ndinkaganiza chonchi. Ndiyambe ndi fiziyo. 1 miliyoni kwa inu ndi ine ndi chimtolo sindikukana, koma mukaisintha pa reti ya ku banki ya ma 1,700 chakutiyo siikwana ndi madola 600 omwe. Pomwe a Pulofesa Adamson Muula ndi mnzawo anawerengerapo mu 2007 kuti kuphunzitsa dotolo mmodzi kuno kwathu, kuyambira ku pulayimale mpaka kumaliza ku koleji, zinkadya pafupifupi madola 57,000, ndipo imeneyo ndi mitengo ya nthawi ya Bingu shuga akadali wotchipa. Ndiye fizi yanuyo ndi kamchere chabe kothira mundiwo, nsima yonse akuphika ndi boma ndi ma donor. Mwana aliyense amene mwaonjezera sabweretsa phindu ayi, amaonjezera dzenje.

Sukulu yake ndi zaka 6, chimodzi cha premed chokonzekera kenako 5 za MBBS, digiri ya udotolo yeniyeniyo. Zoyambirirazo ndi za mukalasi ndi mulabu, pamenepo mukhoza kuthithikana ndithu monga mukunenera, komabe anatomy timaphunzirira pa mitembo yeniyeni ndipo thupi limodzi mungalizungulire anthu angati? Mukachulukitsa akumbuyo amangoona misana ya anzawo. Mitemboyo imafuna mankhwala oti isawonongeke ndi chipinda chake, kuli ma microscope, ma reagent, zonsezo nzoitanitsa kunja ndi forex, ndiye kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022 kenako ndi 44% mu November 2023, bajeti yomwe ija ikugula zinthu zosakwana theka la zomwe inkagula.

Koma zonsezi nzazing'ono. Pagona nkhani ndi zaka za muwodi. Udotolo umaphunziridwa pambali pa bedi, dzanja pamimba pa wodwala. Tiyerekeze kuti mayi anu aja agonekedwa ndipo chiwindi chatupa, mungalole ana 40 awadine pamimba mmodzimmodzi kuti aliyense amve mmene chiwindi chotupa chimamvekera? Pa ward round, poyendera odwala muwodi, consultant mmodzi, dotolo wamkulu waukadaulo, amayenda ndi kagulu kochepa, ndipo mwana aliyense ali ndi logbook yake, akuyenera kubereketsa azimayi yekha ndi manja ake, kusoka mabala, kuika drip, kupopa madzi a pamsana, ndipo wamkulu aone ndi maso ake kenako asaine. Muwodi momwemo mulinso ana a unamwino, a uzamba, a clinical officer, nawonso ali ndi mabuku awo osainitsa, onse maso pa mayi mmodzi yemweyo amene watsala pang'ono kuchira. Mukangothiramo ana ena 400 ndiye kuti mutulutsa anthu a pepala lokongola amene sanagwireko wodwala, ndipo amenewo ndi amene adzatsegule mimba ya mdzukulu wanu.

Ndiye wosainirayo mumtenga kuti? Consultant sagulidwa mushopu. Zaka 6 za sukulu, miyezi 18 ya internship yogwira ntchito pansi pa akuluakulu, agwireko kaye ntchito, kenako zaka 4 za MMed, digiri ya ukadaulo, mukawerenga zikupitirira 12, ndipo munthu yemweyo ali ndi kiliniki, ali ndi fiyeta, usiku akumuimbira foni. Holo ya anthu 500 mungamange chaka ndi theka bola simenti ipezeke, koma dotolo wa maopaleshoni woti aphunzitse ena simungamuumbe ngati njerwa.

Musaiwalenso kuti tachokera kutali. College of Medicine inatsegulidwa 1991, isanabwere ana ankatumizidwa ku UK, Australia ndi South Africa, ndipo oyamba kumaliza kuno mu 1992 anali kagulu koti kakwane mu minibasi imodzi. Kukula komwe kwachitika nkwakukulu, nchifukwa chake Gulupu yokha inachepa mpaka ena kumakaphunzirira ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ena ku Mangochi. Koma malo atsopano aliwonse ndiye kuti hositelo, basi, mafuta, intaneti ndi malekichala ake. Kusintha dzina kukhala Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) mu 2021 sikunabereke mabedi atsopano muwodi.

Wa_Maakaunti

Adokotala afotokoza za mkati mwa sukulu, ine ndinene za kunja kwa geti chifukwa kwa ife owerenga ndalama bilu yeniyeni imayamba tsiku la graduation, pomwe inu makolo mukuvina ndi kululutira. Bajeti ya boma ili pawiri, ya chitukuko ndi ya tsiku ndi tsiku. Kumanga labu kapena hositelo ndi ya chitukuko, mumalipira kamodzi, ndipo donor amaikonda imeneyo chifukwa pamakhala riboni yodula ndi chikwangwani cha dzina lake pakhoma. Koma salale ya dotolo ndi mwezi ndi mwezi kwa zaka 30 kapena kuposa, kuonjezapo nyumba, ma alawansi, penshoni, ndipo imeneyo palibe donor amaifuna nthawi yaitali. Komanso dotolo sagwira yekha, akufuna nesi, wogonetsa anthu ku fiyeta, wa labu, mankhwala, magazi, jenereta ya mafuta. Kumuika pachipatala popanda zimenezi ndiye kuti mwalemba munthu wodula woti azingolemba ma referral.

Zimene mukufunazi tinaziyesapo kale ndipo zinatheka. Mu 2004 zinthu zitafika poipa, manesi akuthawira ku UK ndipo Edzi ikupululanso ogwira ntchito, kunabwera Emergency Human Resources Programme, ndalama zambiri zinachokera ku DFID, nthambi ya boma la UK yothandiza maiko ena, ndi Global Fund. Anaonjezera 52% pa salale za azaumoyo, anakulitsa masukulu ophunzitsa, anabweretsa madotolo akunja ogwirizira. Lipoti lowunika pulogalamuyo linati madotolo anachoka pa 43 mu 2004 kufika 265 mu 2009, ndipo zonse pamodzi zinadya madola pafupifupi 95 miliyoni. Ndiye mukafunsa ngati kuchulukitsa nkotheka, eya nkotheka, koma onani mtengo wake ndipo onani kuti anatulutsa chikwama ndi ndani.

Kenako chinachitika nchiyani? Ana aja anatengedwa ambiri aja anayamba kumaliza, pomwepo Cashgate ya 2013 yaphulika, ma donor asiya kuthira ndalama mu bajeti ya boma, a IMF akuti bilu yanu ya masalale yatupa chepetsani. Pofika 2015 tinamva nkhani ya madotolo 51 amene anamaliza koma boma likukanika kuwalemba, ena mpaka maso kuyang'ana ku Lesotho. Taganizani, dziko lomwe mayi anu akhala tsiku lonse osaona dotolo, madotolo ali pakhomo kusewera bawo. Ndipo dotolo amene sanachite internship a Medical Council samupatsa chiphaso chonse, sangatsegule nkomwe kiliniki yakeyake, ndiye ngati malo a internship olipidwa palibe mwangomutsekera mukhola. Walira mvula walira matope akulu, mukalira ana 500 pakhomo lolowera mulirenso ma salale 500 pakhomo lotulukira, chaka ndi chaka, osati kamodzi.

Maiko a mu Africa analonjezana ku Abuja mu 2001 kuti 15% ya bajeti izipita ku zaumoyo, ife timalendewera pansi pake zaka zambiri, pomwe chiwongola dzanja cha ngongole za boma chikumeza gawo lalikulu kuposa zaumoyo zomwezo. Ndiye chaka cha 2025 a America nawonso anatseka mpopi wa USAID. Ine sindikuona komwe ichokere.

CO_wa_kuThengo

Atate a Fomu 4 mundikhululukire koma mawu oti "dotolo weniweni" andibaya. Amene anawaona mayi anu tsiku limenelo, nkuwalembera mankhwala, anali ndani? Chidole? Ine ndine clinical officer (CO) zaka 14 tsopano, ma caesar amene ndachita ndinasiya kuwerenga kalekale, hernia, ectopic usiku wa manda magetsi atazima nesi atagwira tochi ya foni, ndipo kumudzi konse amanditcha adokotala, pepala lokha ndi limene limakana. Pitani mzipatala za mmaboma mukafunse amene amachita maopaleshoni ambiri a azimayi oyembekezera, mukapeza ndife. Dotolo wa MBBS akafika kuboma sipatenga nthawi amupatsa ofesi, basi mabajeti, ma workshop ku nyanja, miting'i ya khonsolo, ndi uja munamusowa uja. Si kulakwa kwake, ndi mmene zinakhalira, koma ndiye kuti madola 57,000 aja mwagulira munthu wosaina mapepala.

Ife sukulu ndi zaka 3 kuonjezapo chaka cha internship, ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo, ndipo pepala lathu ku UK salidziwa ndiye sitithawa, timakalambira konkuno. Ngati funso ndi loti ndalama yochepa yomwe ilipoyi ipulumutse anthu ambiri bwanji, ine ndikuti musanaonjezere mipando ya MBBS yambani mwatsegula njira yoti CO amene wagwira zaka 10 akwere, aphunzire ukadaulo, alandire zooneka. Panopa mwana amene ndamuphunzitsa ndekha kugwira mpeni akabwera pa internship, mawa lake ndi bwana wanga ndipo salale yake yandipitirira. Sindikudana nawo, ena ndi anzanga apamtima, ndipo pali matenda ena oti ine ndimakweza manja nkutumiza ku Central, malire anga ndimawadziwa. Koma mukamakamba za kuchepa kwa madotolo ngati kuti mzipatalamu mulibe anthu zimawawa.

Nesi_kuManchester

Ndikuwerenga ndili pa break ya night kkkk. Musaganize kuti ndi vuto la umphawi wathu wokha, kuno kwa azungu nkhani ndi yomweyi. Mu 2016 nduna yawo ya zaumoyo Jeremy Hunt inalengeza malo ena 1,500 a ana a udotolo, ndipo mu 2023 anatulutsa pulani yoti malo afike 15,000 pachaka pofika 2031, kuwirikiza kawiri. Koma malo ophunzirira ukadaulo akamaliza sanakule mofanana, ndiye pano tili ndi ana amaliza zaka zawo ziwiri zoyambirira za ntchito akulimbirana malo ochepa, ena akungodumphadumpha ndi ma shift a ganyu, ena ulendo ku Australia, masitalaka ndiye anayamba mu 2023 nkumangobwerezabwereza. Ku America nakonso boma linaika malire mu 1997 pa malo a residency, ophunzirira ukadaulo aja, omwe Medicare, inshulansi ya boma ya zaumoyo, imalipira, masukulu anachuluka koma khosi la botolo linakhala lomwelo kwa zaka zambiri. Ngati a mapaundi akutsamwa nazo, kuli bwanji ife.

Koma china chimene simunatchule ndi ife othawafe, ndidziloze ndekha chala. Kafukufuku wina mu magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2011 anawerengera kuti maiko 9 a kwathu ku Africa, Malawi ili momwemo, anataya madola opitirira 2 biliyoni pophunzitsa madotolo omwe akugwira ntchito ku UK, America, Canada ndi Australia. Kutunga madzi ndi dengu. Zija amakamba zoti ku Manchester kuli madotolo a chiMalawi ambiri kuposa ku Malawi konse zija ndi nthano, a BBC anazifufuza nkupeza kuti sizoona, ine ndili konkuno ndimawadziwa ndi ochepa. Malawi ilinso pa mndandanda wa WHO wa maiko omwe sakuyenera kukasakidwako azaumoyo, koma munthu ukafunsira wekha palibe amakuletsa, ndi mmene tinabwerera ambirife. Ine maganizo anga ndi oti amene waphunzira ndi ndalama za boma asaine bond, agwire zaka zingapo kumudzi asanaone ndege. Ndikudziwa wina anena kuti iwe unagwira zingati, ndinagwira 9, ndinanyamuka nditatopa ndi kugula ma gloves ndi ndalama yanga.

Mwana_wa_Chipata

Ife ku Zambia tinachita zimene mufuna ba tate. Kale inali UNZA yeka, manje kuli Copperbelt University ku Ndola, Levy Mwanawasa ku Lusaka, Apex na ma private ena, ana amaliza ambiri chaka na chaka ndipo na a ku Malawi tiphunzira nao. Koma pitani mukaone madotolo angati agwira nchito ya volunteer mu vipatala va boma kopanda salary, ayembekeza chabe dzina ituluke. Mu 2022 boma inalemba anthu a zaumoyo opitilira 11,000 pa nthawi imodzi, tinasangalala, koma mzere unayambanso pamene apo cifukwa masukulu saleka kutulutsa. Ndiye mwana wanu malo angaupeze kuno ngati muli na ndalama, koma nchito ni nkhani ina.

Mfiti_Idzafanso

Inu nonse mukungozungulira. Ndalama zilipo mdziko muno. Ma Prado angati amagulidwa boma likangosintha? Maulendo akunja anthu 50 kuperekeza munthu mmodzi? Gulitsani ma V8 khumi muone ngati simumanga hositelo. Nkhani yoti kulibe ndalama imangotuluka ikafika pa mwana wa mphawi basi mxii.

Wa_Maakaunti

A Mfiti pa kuba ndi kusakaza sinditsutsa, ndaziona ndi maso. Koma mwabwereranso pomwe paja, ma V8 khumi akumangirani hositelo kamodzi, chabwino, nanga chaka chachiwiri mugulitsa chiyani kuti mulipire malekichala ndi ma intern? Chokhacho chimene ndingavomereze nchoti zikanakhala kuti a Treasury, a unduna wa zaumoyo ndi a sukulu amakhala pa tebulo limodzi nkugwirizana kuti ana amene tikutenga chaka chinowa pakatha zaka 6 ma post awo ndi awa ndipo ndalama yake ndi iyi, bwenzi tikuonjezera pang'onopang'ono mosaopa. Panopa wotenga ana ndi wina, wolemba ntchito ndi wina, wosunga chikwama ndi winanso.

Dotolo_Wotopa

A CO ulemu wanu, caesar yanga yoyamba anandigwira dzanja ndi clinical officer ndipo sindidzaiwala, amene amakunyozani sanagoneko pa call kuboma. Koma tisasinthanitse, nanunso mukafuna kukwera okuphunzitsani ndi ma consultant omwe aja akusowawa, ndiye tabwerera pa khosi lomwe lija. Ine ndikanapatsidwa chikwama ndikanayamba ndi MMed, kulipira madotolo amene alipo kale kuti akhale akadaulo nkuwamwaza ku Mzuzu ndi ku Zomba Central kuti nakonso kuzitha kuphunzitsa mokwanira, kenako pakatha zaka 5 mpomwe nkuonjezera ana. Koma zimenezo pa msonkhano wa kampeni sizimveka kukoma ngati kunena kuti tamanga sukulu yatsopano.

Asisi a ku Manchester, bond ine ndilibe nayo vuto, bola imange mbali zonse. Mu 2015 muja anathawa ndani, dotolo kapena bwana wolemba ntchito? Simungandimange kuti ndisachoke pomwe inuyo simukundilemba.

Atate_a_Fomu4

A CO pepani ndithu, pakamwa panandiperewera, amene anawathandiza mayi anali mnyamata waulemu kwabasi ndipo BP yawo pano yatsika, sindinafunse nkomwe kuti pepala lake ndi lotani. Zikomo nonse, za mitembo ndi logbook zija ine sindinkazidziwa, ndimangoona ngati ndi kalasi ngati ya kwathu ija. Koma a Maakaunti mwandiopsa, ndiye kuti ndigulitse ng'ombe zaka 6 kenako mwana adzakhale pakhomo kudikira dzina?

Mtsikanayo ndamuonetsa zonsezi usiku uno, wawerenga mpaka pansi, akuti iye sakusintha, form ya NCHE yofunsira malo ku yunivesite akadzalemba choyamba ndi MBBS chachiwiri ndi MBBS. Ndamuuza kuti sizitheka kulemba kawiri wangoseka. Ndiye adokotala ndithandizeni ziwiri izi, loni ya ku Loans Board ija imakwanira fizi yonse kapena ndiyambiretu kunenepetsa nkhumba? Ndipo pa chisankho chachiwiricho mungamulangize chiyani choti asatalikirane ndi chipatala, pharmacy kapena ya mano ija inayamba 2019?